Kodi ndalama za banki mkhonde tiziike mu Bitcoin? Mafunso a owerenga ndi mayankho

FUNSO

Alangizi, ndine msungichuma wa banki mkhonde ya amayi a Mvano pa mpingo wina kuno ku Zomba. Timakumana sabata iliyonse, timagula masheya, timabwerekana, ndipo timagawana mu Disembala kuti aliyense apeze ya feteleza ndi ya fizi. Mwana wa mayi mmodzi wa m'gulu lathu, amene amagwira ntchito ku Johannesburg, watiuza kuti kusunga makwacha m'bokosi kapena kubanki n'kudzipweteka tokha chifukwa ndalama yathu ikungotha mphamvu. Akuti tizimutumizira ndalamazo kuti mnzake wina azitigulira Bitcoin, ndalama ya pa intaneti, ndipo mnzakeyo akulonjeza phindu la 20 peresenti mwezi uliwonse. Gulu lagawikana pakati. Ena akuti Mulungu watsegulira amphawi khomo limene mabanki anawatsekera, pomwe ena akuti ndalama yosagwirika ndi manja ndi ya usatana, mwinanso ndi chizindikiro cha chilombo chija. Tithandizeni tisanadane.

Mayi msungichuma, Zomba

YANKHO

Zikomo mayi chifukwa cha kalata yanu. M'nkhani mwafotokozayi muli zinthu ziwiri zimene ziyenera kuyang'anidwa padera: china ndi Bitcoin yeniyeniyo, china ndi mnzake wa mwana uja. Ndiyamba ndi mnzakeyo popeza yankho lake ndi lalifupi. Musamutumizire ngakhale tambala imodzi. Bitcoin sibereka chiwongoladzanja, ilibe kampani yogawa phindu, ndipo palibe munthu amene angadziwe mtengo wake wa mwezi wamawa. Wolonjeza 20 peresenti mwezi ndi mwezi, ngati alipiradi miyezi yoyambirira, amakhala akutenga ndalama za olowa kumene n'kupatsa amene analowa kale, mpaka tsiku limene olowa atsopano adzathe. Ku South Africa komweko kunali kampani yotchedwa Mirror Trading International imene inkalonjeza phindu la mwezi ndi mwezi kwa oika Bitcoin. Inagwa mu Disembala 2020, mkulu wake Johann Steynberg anathawa n'kukagwidwira ku Brazil, ndipo akuluakulu a boma ku America anawerengera kuti ndalama zimene inatolera zinaposa madola 1.7 biliyoni. Isanabwere imeneyo kunali OneCoin, imene inafalikira m'mayiko ambiri kudzera mwa achibale, anansi ndi anthu opemphera limodzi, kufikira mwini wake Ruja Ignatova atasowa mu 2017.

Sindikunena kuti mwana wa mayi mnzanuyo ndi wakuba, chifukwa kawirikawiri amene amabweretsa zinthu zoterezi pakhomo amakhala atanamizidwa yekha ndipo amakhulupirira ndi mtima wonse kuti akuthandiza kwawo. Akathyali amakonda mipingo pa chifukwa chimodzi, chakuti mu mpingo anthu amakhulupirirana kale ndipo amachita manyazi kufunsa m'bale mwa Ambuye kuti aonetse mapepala. Mu Januwale 2024 boma la Colorado ku America linasumira m'busa wa ku Denver, Eli Regalado, amene anagulitsa kwa Akhristu anzake ndalama yakeyake yotchedwa INDXcoin n'kutolera madola oposa 3 miliyoni, iye akunena kuti Ambuye ndiwo anamuuza kutero. Dzina la Mulungu likayamba kutchulidwa pamene pamayenera kutchulidwa chiphaso cha bizinesi, msungichuma agwire bokosi ndi manja awiri.

Tsopano tibwere ku Bitcoin yeniyeniyo. Inayamba mu Januwale 2009, mayiko ali m'kati mwa mavuto a zachuma amene anagwedeza mabanki akuluakulu ku America ndi ku Ulaya mu 2008, maboma n'kumawapulumutsa ndi misonkho ya anthu wamba. Amene anaiyambitsa anadzitcha Satoshi Nakamoto, ndipo pa tsamba loyamba la kaundula wake anakoperapo mutu wa nkhani wa nyuzipepala ya The Times ya ku London wonena kuti nduna ya zachuma ya ku Britain inali pafupi kupulumutsanso mabanki kachiwiri. Iye ankafuna ndalama imene anthu awiri angapatsane popanda banki pakati pawo, ndiponso imene boma silingachulukitse likasowa pogwira. Kaundula wa Bitcoin, amene amatchedwa blockchain, sasungidwa mu ofesi imodzi ayi. Makompyuta masauzande ambiri m'mayiko osiyanasiyana amasunga kaundula yemweyo, aliyense wofuna akhoza kumuwerenga, ndipo ma Bitcoin onse amene adzakhalepo sadzapitirira 21 miliyoni.

Amayi amene akudandaula za mabanki ndi za kwacha sakulota. Kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo aliyense amene anali atasunga ya feteleza anaona thumba likumuthawa m'manja ndalama zake zili chikhalire. Wosauka akapita kubanki kukafuna ngongole amafunsidwa chikole chimene alibe, ndipo kandalama kochepa kakakhala mu akaunti kamadyedwa ndi zodula za mwezi ndi mwezi. Abale athu a ku Zimbabwe anaona zoposa pamenepo, pamene ndalama yawo inatheratu mphamvu mu 2008 mpaka boma kusindikiza pepala la madola 100 thililiyoni. Ku Nigeria mu Okutobala 2020, achinyamata akuchita zionetsero zodana ndi nkhanza za apolisi, gulu la amayi lotchedwa Feminist Coalition linayamba kulandira thandizo mu Bitcoin njira za kubanki zitatsekedwa. Choncho kulakalaka ndalama imene wamphamvu sangaitseke kapena kuisukuluza si tchimo, ndipo kuli ndi chifukwa chomveka.

Za chizindikiro cha chilombo, ndikupempha kuti pa msonkhano wanu wotsatira mutsegule Chivumbulutso 13 ndi kuwerenga mutu wonse, osangoti ndime 16 ndi 17 zokha. Mudzaona kuti chizindikirocho chimayendera limodzi ndi kulambira chilombo, chimakakamizidwa ndi ulamuliro pa anthu onse, ndipo wosachilandira amaletsedwa kugula ndi kugulitsa. Bitcoin ilibe mfumu, sikakamiza munthu kugwada, ndipo amene saifuna amagula tomato wake pamsika monga mwa masiku onse. Mantha omwewa tinawamva pa makadi a kubanki, tinawamvanso pa katemera wa Covid-19. Nkhani ya kusagwirika ndi manja nayo sitithandiza, popeza ndalama zimene amayi omwewo amalandira pa Airtel Money kapena pa Mpamba nazonso ndi manambala chabe pa foni kufikira atapita kwa ejenti.

Komabe sindikufuna kuti museke amayi amantha aja, chifukwa pansi pa mantha awo pali nzeru ya makolo. Kwathu kuno munthu akalemera mwadzidzidzi osaoneka pamene akulima kapena chimene akugulitsa, anthu amanong'onezana kuti wakhwima. Mawuwo alakwira anthu ambiri osalakwa, koma funso limene lili m'kati mwake ndi loyenera, lakuti chuma chimenechi chikuchokera kuti, nanga ndani akulipira. Kwa Bitcoin yankho lilipo ndipo mulibe zitumwa. Pafupifupi mphindi 10 zilizonse makompyuta amapikisana kutseka tsamba latsopano la kaundula uja, ndipo wopambana amalandira ma Bitcoin atsopano, amene kuyambira mu Epulo 2024 ndi 3.125 pa tsamba lililonse. Ntchitoyi imadya magetsi ambiri, ndipo kuno kwathu ikuchitika ku Bondo m'boma la Mulanje, kumene kampani ya Gridless inaika makina ake kuti azigwiritsa ntchito magetsi otsala a pa kasiteshoni ka magetsi a mphamvu ya madzi. Koma kwa munthu wongogula ndi kusunga, phindu limachokera kumalo amodzi okha, kwa munthu wina amene adzavomere kugula pa mtengo wokwera kuposa umene iye anagulira. Funso lomweli mukalifunsa mnzake wa mwana uja, mudzamva mawu ambiri a Chingerezi koma yankho simudzalimva.

Amayi a mbali inayo, amene akuona dzanja la Mulungu m'nkhaniyi, nawonso ayenera kudekha. Mu Novembala 2021 Bitcoin imodzi inafika pafupifupi madola 69,000, ndipo pofika Novembala 2022 inali itatsika kufika pafupifupi madola 16,000. Izi zikutanthauza kuti pa madola 100 aliwonse amene munthu anaika pa nthawi imene mtengo unali pamwamba, anatsala ndi osakwana 25 chaka chitangotha. N'zoona kuti mtengowo unadzakweranso mpaka kupitirira madola 100,000 mu Disembala 2024, ndipo amene anali ndi mphamvu yodikira zaka zitatu anapindula. Koma gulu lanu limagawana mu Disembala, mvula sidikira, ndipo mphunzitsi wamkulu sangalandire mwana pa lonjezo lakuti mtengo udzakwera chaka cha mkuja. Ngakhale maboma alephera kuisandutsa ndalama ya tsiku ndi tsiku. Dziko la El Salvador linaivomereza mwalamulo mu Seputembala 2021 pansi pa pulezidenti Nayib Bukele, n'kupatsa nzika iliyonse yolembetsa madola 30 kuti iyambirepo, koma ambiri anangodya madola 30 awo n'kubwerera ku ndalama imene anazolowera. Mu Januwale 2025 lamulolo linasinthidwa potsatira mgwirizano wa ngongole ndi bungwe la IMF, kotero kuti wamalonda sakakamizidwanso kuilandira. Dziko la Central African Republic linayesa zomwezo mu Epulo 2022 ndipo linabwerera m'mbuyo patangopita pafupifupi chaka.

Malemba amene mumawerenga pa Mvano saweruza mtundu wa ndalama. Pa 1 Timoteo 6:9-10 chenjezo likupita kwa ofunitsitsa kulemera ndi kwa okonda ndalama, ndipo pa Miyambo 13:11 akuyamikiridwa wosonkhanitsa pang'onopang'ono. M'fanizo la matalente pa Mateyu 25, mbuye akudzudzula kapolo waulesi kuti akanapereka ndalamayo kwa osunga ndalama kuti ipindule, zimene zikusonyeza kuti banki payokha si nyumba ya mdyerekezi. Chimene Eksodo 22:25 akuletsa ndi kufinya wosauka ndi katapila. Apa mundilole ndilumphe mpanda pang'ono. Magulu ena a banki mkhonde, a m'mipingo momwemo, amabwereketsana pa chiwongoladzanja cha 20 peresenti kapena kuposa pamwezi, ndipo mayi akalephera kubweza amamulanda mapoto ndi malata. Gulu lofuna kudziyesa pamaso pa Mulungu pa nkhani ya ndalama liyambire pamenepo lisanapite kukafufuza ziwanda mu foni.

Chifukwa chachikulu chimene ndikukulangizirani kuti musasamutse ndalama za gulu n'chakuti Bitcoin ndi banki mkhonde zinapangidwira anthu osiyana. Taganizirani bokosi lanu lija. Magulu ambiri amalitseka ndi maloko atatu, makiyi n'kukhala ndi amayi atatu osiyana, bokosilo n'kumagona kwa wachinayi, ndipo limatsegulidwa gulu lonse likuona, ndalama n'kuwerengedwa mokweza pamphasa. Kaundula wa Bitcoin amagwira ntchito yofanana ndi imeneyi, koma pakati pa anthu osadziwana amene sadzaonana ndipo alibe chifukwa chokhulupirirana. Inu mumadziwana, mumadziwa amene mwana wake wagonekedwa kuchipatala ndi amene geni yake ya mandasi ikuyenda. Ndalama ya m'bokosi mwanu sigona, chifukwa sabata yomweyo imasanduka thumba la ufa wa mandasi, belo la kaunjika kapena dengu la usipa, ndipo ikabwerera imakhala itadyetsa mabanja. Thumba lanu la zadzidzidzi limagula nsalu ndi ufa pa maliro a membala. Mukaisandutsa Bitcoin, ndalamayo idzangokhala phee kudikira mtengo, ndipo makiyi onse atatu adzakhala m'thumba la munthu mmodzi amene ali kutsidya kwa Limpopo.

Kumbukiraninso kuti Reserve Bank of Malawi inalengeza kale kuti ndalama zamtunduwu si ndalama zovomerezeka mwalamulo m'dziko muno, ndipo wochita nazo malonda akuchita mwa kufuna kwake. Banki ikakulakwirani muli ndi kokadandaula. Bitcoin ikatumizidwa ku nambala yolakwika kapena kwa wakuba, palibe ofesi imene ingaibweze.

Za kugwa kwa kwacha, zida zimene muli nazo kale ndi zabwinoko kuposa mmene mukuganizira. Ndalama isamachedwe m'bokosi, izipita m'mageni a mamembala. Ngati cholinga cha ambiri ndi feteleza, kambiranani zogula msanga ngati gulu mitengo isanakwere, m'malo modikira Disembala pamene aliyense akuthamangira kudepoti. Mayi amene payekha akufuna kuyesa Bitcoin ndi ndalama yake, imene ingatayike popanda ana kugona ndi njala, ameneyo sanachimwe ndipo musamusale pa mgonero. Koma ndalama za gulu ndi za amasiye ndi agogo amene sanavomere kuti thukuta lawo liyesedwe pa msika umene sakuudziwa.

FUNSO

Ine ndine Msilamu, ndimagulitsa nsomba zouma. Sindikonda kusunga ndalama kubanki chifukwa cha riba, chiwongoladzanja chimene Chisilamu chimaletsa. Anyamata a kumzikiti kwathu akuti crypto, ndalama za pa intaneti monga Bitcoin, ndi halal popeza ilibe chiwongoladzanja. Kodi n'zoona?

Bambo wa geni ya nsomba, Mangochi

YANKHO

Bambo, anyamatawo anena mbali imodzi ya nkhani. N'zoona kuti kugula Bitcoin ndi kuisunga sikubweretsa chiwongoladzanja, koma malamulo a Chisilamu pa zamalonda saletsa riba yokha. Amaletsanso gharar, kumene kuli kugulitsana chinthu chosadziwika bwino, ndi maysir, imene ili juga. Pa mfundo ziwiri zimenezi ndi pamene akuluakulu a chipembedzo asiyana maganizo. Bungwe la boma loona za chipembedzo ku Turkey, Diyanet, linanena mu 2017 kuti malonda amenewa sagwirizana ndi Chisilamu pa nthawiyo. Mufti wamkulu wa ku Egypt pa nthawiyo, Shawki Allam, anawaletsa powayerekeza ndi juga, ndipo mu Novembala 2021 bungwe la masheikh la ku Indonesia linagamula kuti kugwiritsa ntchito crypto ngati ndalama ndi haram. Koma ku Malaysia, khonsolo ya Shariah ya bungwe loyang'anira msika wa masheya inavomereza mu 2020 kuti malondawa akhoza kuchitika pa misika yolembetsedwa ndi boma.

Poti akuluakulu sanamvane, si ine woti ndikugamulireni, ndipo ndi bwino mukakhale pansi ndi sheikh wanu. Chimene ndingakuuzeni n'chakuti ngakhale amene amavomereza savomereza zonse. Kubwereketsa crypto kuti ibwere ndi phindu lokhazikika ndi riba yomweyo imene mukuithawa, ndipo kukhala pa foni usiku wonse kulosera ngati mtengo ukwera kapena utsika m'mphindi zisanu sikusiyana ndi kubetcha pa mpira. Amene amaiona ngati chuma amanenanso kuti iyenera kuperekedwa zakat ya 2.5 peresenti ikafika pa muyezo wake n'kukhala chaka, chinthu chimene anyamata ambiri satchula. Musanapite kutali, funsaninso kumabanki, popeza ena m'dziko muno anayamba kutsegula mbali yosunga ndalama motsata malamulo a Chisilamu. Mpamba wa nsomba umafunika m'mawa uliwonse ngalawa zikamakocheza, choncho suyenera kukhala pamalo pamene ungachepe ndi theka pa miyezi yowerengeka.

FUNSO

Ndimagwira ntchito ya zomangamanga ku Johannesburg ndipo kutsegula akaunti kubanki kuno kwandivuta chifukwa cha mapepala. Ndimasunga ndalama zanga mu USDT pa foni, ndipo akazi anga kumudzi sadziwa, chifukwa achibale akangomva kuti ndili ndi kenakake mapempho satha. Kodi ndikulakwa?

Bambo wa ku Ntcheu, okhala ku Johannesburg

YANKHO

Achimwene, inu ndi mmodzi wa anthu amene ndalama zamtunduwu zikuwathandizadi, ndipo sindikudabwa ndi chisankho chanu. Munthu wopanda akaunti amene amagona m'chipinda chimodzi ndi anzake asanu sangasunge marandi pansi pa matiresi, ndipo malipoti a World Bank akhala akusonyeza kuti kutumiza ndalama ku mayiko a kum'mwera kwa Sahara n'kokwera mtengo kuposa chigawo china chilichonse. USDT ndi mtundu wa crypto umene unapangidwa kuti uzitsatira mtengo wa dola, choncho sikwera ndi kutsika ngati Bitcoin. Dziwani komabe kuti simunathawe kukhulupirira munthu. M'malo mwa banki mukukhulupirira kampani ya Tether imene imaitulutsa, ndi kampani imene pulogalamu yake ili pa foni yanu. Kampani ya FTX, yogulitsira ndi kusungira anthu crypto, inali imodzi mwa zikuluzikulu padziko lonse pamene inagwa mu Novembala 2022, ndipo mwini wake Sam Bankman-Fried anagamulidwa kukakhala kundende zaka 25. Ku South Africa bungwe la boma la FSCA, loyang'anira makampani a zachuma, linaika crypto pansi pa malamulo ake mu Okutobala 2022, choncho fufuzani ngati kampani imene mukugwiritsa ntchito ili ndi chiphaso chake. Mukamatumiza kumudzi, kumbukirani kuti malamulo a ku Malawi amafuna kuti ndalama zakunja zizisinthidwa kwa ovomerezeka okha.

Kubisira achibale opempha ndikukumvetsa, koma kubisira akazi anu kukundidetsa nkhawa. Ntchito ya zomangamanga ndi ya ngozi, ndipo tonse taona mabokosi akubwera pa ngolo ya basi kuchokera ku Joni. Munthu akamwalira ali ndi akaunti kubanki, mkazi ndi ana ali ndi njira yofikira ndalamazo potsata lamulo la chuma cha masiye la 2011. Koma ngati ndalama zanu zili m'chikwama cha pa foni chimene makiyi ake ndi mawu 12 kapena 24 odziwa inu nokha, palibe khoti, mfumu kapena DC amene angachitsegule. James Howells wa ku Newport ku Wales anataya chipangizo cha kompyuta chokhala ndi makiyi a ma Bitcoin pafupifupi 8,000 mu 2013, ndipo ngakhale ali moyo walephera kuwapeza. Mwini wa kampani yosungira anthu crypto ya QuadrigaCX ya ku Canada, Gerald Cotten, atamwalira ku India mu Disembala 2018, makasitomala anauzidwa kuti makiyi ankawadziwa yekha.

Lembani mawuwo ndi cholembera papepala, osawajambula pa foni kapena kuwatumiza pa WhatsApp, ndipo pepalalo lisungidwe pamalo otetezeka. Mukadzapita kumudzi pa Khirisimasi, khalani pansi ndi mayi a kunyumba, muwauze kuti ndalamazo zilipo, muwaonetse mmene zimatsegulidwira, ndipo mutchule mu wilo yanu kumene pepalalo lili popanda kulembamo mawu enieniwo. Ngati mukuopa kuti nkhani ifika kwa alamu ndi amalume, gawani mawuwo pawiri, theka kwa akazi anu ndi theka kwa munthu mmodzi wodalirika amene nonse awiri mwagwirizana.